Kanema m'Chigafa cha Adada

Chaka chimene adada anagwa ku nazale ndinali Fomu 3 kusukulu ya atsikana ku Nkhamenya. Amama sananditumizire uthenga, ati ndingalephere mayeso. Zonse ndinakazimva tsiku limene ndinafika kwathu kwa Simlemba kudzayamba tchuthi cha Khirisimasi. Ndinaima pabwalo chikwama chili kumutu, n'kumadabwa kuti njinga ya adada yapachikidwa kudenga la khonde, matayala ali phwa.

"Usalowe kaye," anatero amama. "Tula katunduyo, ukhale pansi ndikuuze."

Anandiuza kuti m'nyengo yadzuwa ija, adada akuthirira mbande za fodya kudambo, kheni yothirira ija inawapulumuka m'manja, iwo n'kugwera pabedi la mbande. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafa, pakamwa panapotoka, mawu anathawa. Atabwerako analowa kuchipinda n'kutseketsa zenera, ndipo kuyambira pamenepo sanafunenso kuonedwa ndi munthu wakunja.

Ndinalowa. M'chipindamo munali mdima ndi fungo la mankhwala opaka. Adada anali atagona pamphasa chifukwa pabedi ankaopa kugwa. Ndinagwada n'kuwapatsa moni. Anandiyang'ana pang'ono, kenaka anatembenukira kukhoma. Ndinawagwira dzanja lakumanja, lomwe linkandinyamula pondikweza pakaliyala ya njinga, ndipo linali lolemera ngati si lawo.

"Yayi," anatero.

Chichewa chonse chimene ankalankhula nafe chinali chitawathawa. Anatsala ndi timawu tochepa ta Chitumbuka cha amayi awo, ndipo kamene kankatuluka msanga kanali komweko kokana.

Khirisimasi pamudzi pathu inali ya adada. Kwa mlimi wa fodya Disembala si mwezi wopuma. Mvula yagwa, mbande zikufuna kuwokera, udzu ukumera m'chimanga usiku ndi usana. Koma adada ankati ngakhale ng'ombe imamasulidwa pagoli. Tsiku la Khirisimasi ankasonkhanitsa makasu onse n'kuwatsekera m'nkhokwe. Anyamata ankamenya mpira ndi amuna okwatira pabwalo la sukulu, adada ali oimbira wezulo, akukondera okwatira anzawo mosabisa n'komwe. Pansi pa mtengo wa mango ankaikapo bawo n'kumagonjetsa aliyense wodziyesa katswiri. Mawa lake ankatitenga ine ndi ang'ono anga awiri kupita kumsika, kumene amalume, alongo awo a amama, anali ndi nyumba yoonetsera kanema. Adada sankatha kuonera ali chete. Ankachenjeza munthu wa pasikirini kuti mdani wabisala kuseri kwa chitseko, ankakalipira wopusitsidwa, ndipo pobwerera, tikukankha njinga m'matope, ankatifotokozera kanema yense kuchokera poyambira ngati kuti ife tinatsala kunyumba.

Nditakhala masiku ochepa kunabwera azakhali, alongo awo a adada, kuchokera cha ku Mzimba. Anakhalitsa m'chipinda muja, potuluka maso ali psuu. Anaitanira amama kuseri kwa nkhokwe, ine ndikutsuka mbale chapafupi pomwepo.

"Alamu, tisanamizane," anatero azakhali. "Munthu uyu sadzagwiranso khasu, ndipo fodya ndi ntchito ya mwamuna. Mundawu bwereketsani, ng'ombe mugulitse, mlongo wangayu ndipite naye kwathu ndikamusamale. Za chikondwerero chaka chino iwalani. Pakhomo pali matenda sipaimbidwa nyimbo."

Amama anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, manja ali pamaondo. Anayankha motsitsa mawu.

"Ndamva, alamu, ndipo mwachita bwino kubwera. Koma mbande zija anafesa okha, ndipo ndayamba kale kuwokera. Akapita kwanu akangogona kuyang'ana khoma lina. Asiyeni pano. Pano si pamaliro."

"Nanga mutani nawo?"

"Atuluka panja."

"Atuluka bwanji munthu wokana ngakhale zenera?"

"Njira yake sindinaipeze. Koma Khirisimasi sadyera m'chipinda muja."

Azakhali anapita mawa lake asanakhutire. Ine ndinaganiza kuti amama angolankhula pofuna kuthetsa nkhani. Ndinali ndisanawadziwe bwino amayi anga.

Zinali zaka zija za makuponi a feteleza wotsika mtengo. Kuponi tinali nayo, amama ataikulunga m'kapepala ka pulasitiki n'kuimangirira pansonga ya chitenje chamkati. Koma kukhala ndi kuponi n'kwina, kupeza feteleza n'kwinanso. Ankalawirira kudepoti ya kumsika, kuima pamzere mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwerako ndi mawu akuti lole sinafike. Chimanga chinayamba kuchita chikasu. Masiku amene iwo anali pamzere, ine ndi ang'ono anga tinkazula mbande kudambo, kuzisenza m'madengu n'kukawokera. Manja anga a kusukulu anatuluka matuza, matuzawo anaphulika, kenaka anauma okha. Amama akabwerako sankakhala pansi. Ankatenga khasu n'kuyendera mizere yathu, akudzutsa mbande zimene tinakhotetsa.

Anthu ambiri amene ankabwera kudzazonda adada anatopa ndi kubwezedwa pakhomo. Mmodzi yekha ndi amene sanatope. Anali tenanti pa esiteti yoyandikana nafe, ochokera kummwera, ndipo tonse tinkangowatchula kuti a ku Phalombe. Anali aafupi, oseka ndi thupi lonse, ndipo iwo ndi adada anadziwana pabawo. Ena m'mudzi ankanena adada kuti amacheza ndi obwera opanda munda wawowawo. Adada ankangoyankha kuti pabawo safunsa kwanu. Lamulungu lililonse a ku Phalombe ankafika pakhonde n'kuvula chipewa.

"Odi, achimwene. Ndabwera."

M'nyumba munkamveka "yayi". Iwo ankakhala pang'ono, kufunsa amama za kumunda, n'kutsanzika.

Tsiku lina amama anandituma kuti ndilowetse bawo m'chipinda. Ndinaliika pafupi ndi mphasa, ndikuika nkhomo m'maenje monga ndinkaonera. Adada analiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatambasula dzanja lamanzere n'kulikankha mwamphamvu, nkhomo zonse mbwee pansi pa bedi. Ndinazitola ndikulira chamumtima. Nditatuluka ndinauza amama kuti tiwasiye, tikuwazunza.

"Zakwana zonse?" anafunsa amama.

"Zakwana."

"Sunga. Lamulungu tizifuna."

Lamulungu litafika, a ku Phalombe atabwezedwa monga mwa masiku onse, amama anayala mkeka panja, pansi penipeni pa zenera la adada.

"Musapite," anawauza. "Mwanayu akufuna kuphunzira bawo. Muphunzitseni pompano."

Ine ndinali ndisananenepo zotero. Kwathu atsikana sankasewera bawo, ndipo ndinkangodziwa kuti umatapa nkhomo m'dzenje limodzi n'kumagwetsa imodziimodzi m'maenje otsatira. A ku Phalombe anayang'ana zenera, anayang'ana amama, n'kukhala pansi. Anasewera nane mokweza mawu ngati akulankhula ndi munthu wa kutsidya kwa mtsinje.

"Mwana wa achimwene, wayambira dzenje limeneli? Chabwino. Ine ndidya izi. Ndidyanso izi. Kani pakhomo pano bawo linatha."

Anandigonjetsa, tinayambiranso, anandigonjetsanso. Ndili pafupi kutapa nkhomo ulendo wina, zenera linagunda pamwamba pa mutu wanga. Linagundanso. Kenaka linatseguka, ndipo panatulukira ndodo. Adada anali atadzikoka kuchoka pamphasa, kugwira bedi, mpaka kutsamira khoma. Nkhope yawo inali thukuta lokhalokha. Analoza dzanja langa ndi ndodoyo.

"Apo yayi," anatero. Analoza dzenje lina. "Apo."

Ndinatapa pamene analozapo, ndipo ndinadya nkhomo za a ku Phalombe kwa nthawi yoyamba. Iwo sanadzutse mutu n'komwe kuti apatse adada moni.

"Anthu awiri kulimbana ndi mmodzi si chilungamo," anatero. "Ngati muli ndi mawu, achimwene, bwerani mukhale apa."

Tsiku limenelo sanabwere. Koma madzulo a mawa lake a ku Phalombe ataweruka ku esiteti, bawo linalowa mpaka pakhomo la chipinda, ndipo patapita masiku angapo linafika pakhonde la kuseri, losaonekera kunjira. Kusewera ndi dzanja lamanzere kunali kovuta. Nkhomo zinkawapulumuka ziwiriziwiri, zina n'kugubudukira pabwalo. A ku Phalombe sankatola. Ankayang'ana nkhuku, kapena mitambo, mpaka adada atamaliza okha. Ndipo a ku Phalombe ankagonjetsa adada tsiku ndi tsiku, opanda chisoni. Zinandipweteka, moti tsiku lina ndinawatsatira powaperekeza.

"Bwanji osawasiya apambaneko kamodzi?" ndinafunsa.

"Ndikawasiya adziwa," anatero. "Ndipo tsiku limenelo abwerera kukhoma kuja. Ine ndimabwera kudzasewera ndi mnzanga. Ozonda odwala anabwera kale."

Mawu oyamba a Chichewa amene ndinamva kwa adada anatuluka pabawo pomwepo. A ku Phalombe analumpha dzenje limodzi, kaya mwadala kaya ayi, ndipo adada anamenya ndodo pansi n'kunena momveka bwino kuti, "Mwaba." Amama anali akupeta kukhitchini. Anaika lichero pansi, kenaka analitolanso n'kupitiriza kupeta.

Komabe munthu wina aliyense akati odi, adada ankafuna kubwezedwa m'nyumba. Khonde la kuseri ndi pamene panathera dziko lawo. Amama anaona kuti bawo lokha silikwanira, ndipo tsiku lina pochokera kumzere wa feteleza anadzera kwa amalume. Amalume anati sikirini yaikulu singachoke kumsika pa Khirisimasi, tsiku limene nyumba yawo imadzaza mpaka pakhomo. Koma anali ndi ina yaing'ono yakale, deki yake yoikamo kanema, ndi batire la galimoto limene anasiya kugwiritsa ntchito. Anati tikazifuna tikatenge tokha, ndipo zikanyowa panjira tisadzawauze n'komwe.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Khirisimasi ifike, kunamveka kuti lole ya feteleza yafika. Amama anati titenga ngolo, tikanyamule zonse ulendo umodzi. Vuto linali lakuti ng'ombe zathu ziwiri zinkadziwa adada okha. Chigwereni iwo, ng'ombezo zinkangodya n'kunenepa. A ku Phalombe sakanatha kuchoka ku esiteti tsiku lantchito. Tinazikokera kuseri kwa nyumba, pamaso pa adada, ndipo iwo ankatilozera ndi ndodo kuti iyi imakhala kumanja, iyo kumanzere, chingwe chipite pansi pa khosi. Tikalakwitsa ankamenya ndodo pansi. Goli litakhala bwino anagwedeza mutu, ndipo tinanyamuka, amama ali kutsogolo ndi chingwe, ine pangolo ndi mkwapulo umene ndinkaopa kuugwiritsa ntchito.

Kudepoti kunali anthu ngati kumaliro a mfumu. Amama analowa pamzere, ine ndinapita kwa amalume kukalongedza sikirini m'beseni lochapira limene tinatenga, nditaiyalira masaka kuti isagundike. Dzuwa litapendeka amama anatulukira, chitenje chitang'ambika m'mbali chifukwa cha kukankhana, kumbuyo kwawo anyamata atasenza matumba awiri. Atawakweza pangolo, amama anayandikira. Anangosisita thumba limodzi monga amasisitira mwana.

Mvula inatipeza pa dambo la pakati pa msika ndi kwathu. Pepala la pulasitiki tinali nalo limodzi, limene tinkaphimbira nazale. Amama anafunditsa feteleza. Sikirini tinaitulutsa, kuikulunga m'chitenje chawo chakunja, n'kuivundikira ndi beseni lija. Deki ndinaiika m'malaya mwanga. Titalowa powolokera, pamene m'mawa tinadutsa bwinobwino, matayala anatitimira m'matope, ng'ombe zinakoka kamodzi n'kuima.

Ndinakwapula. Sizinasunthe. Amama anayesa kuimba likhweru la adada, koma pakamwa pawo panangotuluka mpweya. Madzi anali akukwera pang'onopang'ono. Ndinati tisiye ngolo, tithamangire kumudzi kukaitana amuna.

"Tikabwera tipeza feteleza atasanduka phala," anatero amama. "Tsika. Titsitsa katundu."

Ndinawathandiza kusenza thumba loyamba. Anawoloka madzi ali m'maondo, akuponda mosamala, khosi likunjenjemera, n'kukalitula pachulu kutsidya. Anabwerera kudzatenga lachiwiri. Ine ndinawolotsa batire, kenaka sikirini, beseni lili pamwamba pake ngati chipewa. Titaunjika zonse pachulu n'kuphimba, amama anathyola nthambi za m'tchire n'kumazilowetsa pansi pa matayala ndi manja. Atatero anapita kutsogolo, anagwira ng'ombe yakumanja pamphuno, n'kuyamba kuilankhula ngati munthu.

"Mwadya udzu wanga miyezi yonseyi osagwira ntchito. Mwini wanu ali pakhonde akudikira. Tiyeni, musandichititse manyazi."

Ine ndinali kumbuyo ndikukankha ndi phewa. Ngolo inagwedezeka, inabwerera, inagwedezekanso, kenaka inatuluka mwadzidzidzi moti ndinagwa chafufumimba m'matope. Nditadzuka ndinapeza amama akuseka, atagwira m'chiuno, mvula ikuwatsika kumaso. Chibwerereni kusukulu ndinali ndisanawamve akuseka.

Tinafika kunyumba dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Adada anali pakhonde lakumaso, loyang'ana kunjira, atatsamira mzati. Ang'ono anga anati mvula itangoyamba anadzikoka okha kudutsa m'nyumba monse, ndipo anakana kubwerera ngakhale anthu ankadutsa n'kumawaona. Anayang'ana ng'ombe, anayang'ana matumba, anayang'ana ife awiri tili matope mpaka m'tsitsi. "Yewo," anatero potithokoza m'Chitumbuka.

M'mawa wa Khirisimasi, titabwera kutchalitchi, a ku Phalombe anafika ndi akazi awo ndi ana. Kanema amafuna mdima, ndipo malo okhawo okwana anthu anali chigafa, chishedi chathu chachitali chaudzu choumitsiramo fodya, chimene nyengo imeneyo chimakhala chopanda kanthu. A ku Phalombe anatchinga m'mbali mwake ndi masaka ndi mphasa, n'kuika sikirini pamtondo wovundikira. Amama ndi akazi a ku Phalombe anaphika mpunga ndi nkhuku, thobwa linali litaphikidwa kale. Atsikana ankasewera fulaye pabwalo, tiana tikuchita phada pansi pa mango. Kubwalo la sukulu mpira unachitika wopanda woimbira, ndipo tinamva kuti unathera m'mikangano. Mbiri ya kanema inali itafika kale mudzi wonse ndi ku esiteti komwe. Pomwe timamaliza kudya, m'chigafa munali mutadzaza.

Amama anapita pakhonde, ine ndili pambuyo pawo. Adada anali atavala shati yoyera imene anawachapira, koma ataona kuchuluka kwa anthu nkhope yawo inasintha. Analoza m'nyumba, kutanthauza kuti sikirini ibwere muno.

"M'nyumba simukwana anthu, bambo a ana," anatero amama.

"Yayi."

"Anthuwa sanabwerere ine. Kanemayo sayamba inu musanafike. Kaya tikhala mpaka mawa, tikhala."

Amuna awiri anabwera n'kunena kuti awanyamula pampando. Adada anawayang'ana moti amunawo anabwerera okha. Panapita nthawi. M'chigafa ana anayamba kudandaula. Amama anangokhala pansi pakhondepo, manja pamaondo. Kenaka adada anatambasula dzanja kufuna ndodo.

Kuchoka pakhonde kufika kuchigafa ndi pafupi, mwana amathamanga asanapume kawiri. Adada anayenda mtunda umenewo nthawi yokwana kuphika ndiwo. Ankatsogoza ndodo, kuponda ndi mwendo wamanzere, n'kukoka wakumanja, umene unkasiya mzere m'dothi lonyowa. Amama ankayenda kumbuyo kwawo osawakhudza. Ine ndinkafuna kuwagwira mkono, amama n'kundiletsa ndi maso. Anthu onse anali atatembenuka kuyang'ana, kuli zii, ndipo ndinaona adada akuima ngati afuna kubwerera. Pamenepo a ku Phalombe anayambitsa mkangano mokweza, ati chigoli cha anyamata m'mawa uja chinali cha dzanja. Anyamata anakana, okwatira anavomereza, chigafa chonse chinasokosera, ndipo maso anachoka pa adada. Pakangalande ka madzi a mvula anapunthwa n'kugwada ndi bondo limodzi. Anakhala chigwadire akupuma, kenaka anazika ndodo pansi n'kudzuka okha.

Atalowa, mkulu wina woyandikana nafe anasuntha pabenchi.

"Mwachedwa," anatero. "Tikudikira inu."

Kanemayo anali wa nkhondo ya zibakera ndi mateche, amene adada ankawakonda. Sikirini inali yaing'ono moti akumbuyo ankaimirira, ndipo mawu ake ankalimbana ndi mvula imene inayambanso kuwaza padenga. Poyamba adada anaonera ali chete, akupukuta pakamwa ndi kansalu. Koma pamene mdani ankanyang'amira mnyamata wa m'kanemayo, ndinamva ndodo ikugunda pansi.

"Kumbuyo!" anakuwa adada.

Anthu anaseka, ndipo iwonso anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa.

Nkhondo yomaliza itangoyamba, chithunzi chinayamba kuchepa, chinachita mizeremizere, kenaka chinazima. Batire la amalume linali litatha. Anyamata anagwedeza zingwe, wina anati tiliike padzuwa, koma dzuwa kunalibe. Anthu anayamba kudzuka akung'ung'udza.

"Khalani pansi," anatero a ku Phalombe. "Achimwenewa anamuonera kale kanemayu kumsika. Atiuza mmene anathera."

Ndinachita mantha. Ndinaona ngati awaika pamoto. Adada anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenaka anakweza ndodo n'kuloza mzati umodzi wa chigafa kuti ndiye mdani, n'kudziloza okha kuti ndiwo mnyamata uja. Anayamba. Mawu ankatuluka amodziamodzi, ena Chichewa, ena Chitumbuka, ena osamveka n'komwe. Pamene mawu akana, ndodo inkamaliza. A ku Phalombe anadziika kukhala womasulira, ndipo ankaonjezera zawo.

"Akuti mnyamatayo anathawa n'kukakwatira ku Phalombe."

"Bodza," anatero adada, anthu n'kufa nacho chiseko.

Si onse ankaseka nkhaniyo. Tiana tina kutsogolo tinkatsanzira kupotoka kwa pakamwa pawo, ndipo adada anationa. Anaima. Ndinaganiza kuti basi, zathera pompa. Anapukuta pakamwa, anatembenukira mbali ina n'kupitiriza. Kufotokozako kunatenga nthawi yaitali kuposa mbali ya kanema imene inatsala, koma palibe wamkulu amene anatuluka. Atafika pamene mdani anagwa, anamenya mzati uja ndi ndodo mpaka udzu unagwa kuchokera kudenga, ndipo anthu anaomba m'manja. Pobwerera kunyumba anali atatopa kwambiri, ndipo analola kuti a ku Phalombe awagwire m'khwapa.

Mawa lake tinalawirira kumunda kukathira feteleza, chifukwa nthaka inali yonyowa bwino. Sikirini tinabweza tsiku lotsatira, amalume n'kudandaula za matope amene anawapeza m'mabowo a kumbuyo kwake.

Mkono wa adada sunabwererenso. Mwendo unalimba pang'ono, mawu anabwerera ambiri koma osati onse, ndipo mpaka kumwalira kwawo akatopa ankasakaniza zilankhulo ziwirizo m'chiganizo chimodzi. Panali masiku ena amene ankakwiya osafuna kuona munthu, amama n'kuwasiya tsiku limodzi, lachiwiri n'kukatsegula zenera. A ku Phalombe anakhala nafe mpaka msika wa fodya utatha. Kenaka mwini esiteti anasintha matenanti, iwo anakwera lole ndi banja lawo, ndipo sitinamvenso za iwo. Nthawi imeneyo anthu ngati ife tinalibe mafoni.

Nditabweranso patchuthi chotsatira, fodya anali atauma ndipo inali nthawi yosankha. Ndinapeza adada atakhala pamkeka, mulu wa masamba uli kumanzere kwawo. Kusankha fodya kumafuna maso kuposa manja. Ankatola tsamba, kulitambasula pabondo, kuliyang'ana kudzuwa, n'kuliponya pamulu wake. Amama ndi ang'ono anga ankamanga timitolo. Ndinasintha zovala n'kukhala nawo, ndipo posakhalitsa ndinawapatsira kamtolo kanga koyamba ndikudzimva kuti ndachita bwino. Anakatembenuza, anasolola masamba awiri ndi mano, n'kundibwezera.

"Awa ofiira, awa akuda," anatero pang'onopang'ono. "Masula. Uyambirenso."